Akapitawo Awiri, Tambala Mmodzi

Padangokhala, ndipo amene muli nane senderani kuno, mbatata izipsa paphulusa. Si kale kwenikweni ayi, ndi kale la dzana lomweli, magetsi atafika kale kudziko la nyama. Masiku amenewo tambala ankalira kamodzi kokha. Akalira, kunja kwacha, nkhani yatha.

Mfumu ya dzikolo inali Ntchefu, mayi wofatsa amene ankakonda zinthu ziwiri, mtendere ndi tulo. Nduna yake yodzutsa mudzi inali Tambala. Mkulu wa asilikali anali Vumbwe, ndipo nonse mukudziwa chimene vumbwe amaganiza akaona nkhuku. Lamulo linali la makolo: tambala wolira nthawi yolakwika ndi malodza, ndipo malodza sagona m'mudzi. Vumbwe ankalinena lamuloli mwa njira yakeyake, uku akunyambita milomo: "Kamodzi ndi ngozi, kawiri ndi tsoka, katatu ndi ndiwo."

Tsono panali chinsinsi. Tambala anali atakalamba, ndipo maso ake anachita ng'ala. Masana ankaona zinthu ngati zili mu utsi, koma kufiira kwa m'bandakucha, kumene kunali ntchito yake yonse, sankakuonanso. Nduna yosaona kucha si ndunanso, ndipo tambala wopanda udindo kwawo ndi mumphika. Wodziwa zimenezi anali mmodzi yekha, Gologolo, wosamalira kompyuta ya kubwalo la mfumu.

Gologolo ameneyu, inu! Mtima wabwino anali nawo, koma manja ake anali osamva. Chinthu chotseka ankafuna achitsegule, chotsegula achigwedeze, amve ngati m'kati mukulira kanthu. Iyeyu ndiye anauza mfumu kuti kompyuta ikudwala fumbi la pabwalo, ndipo malo oiyenera ndi m'khola mwa nduna. Bodza lokhalokha! Ankafuna aitchere belu lolira pansipansi kukamacha, Tambala yekha azimva n'kukweza mawu. Zinayendadi bwino, mpaka mvula ina inabwera ndi Namzeze.

Namzeze ndi woyendayenda, amachoka mvula ikatha n'kubwera ikamayamba. Chaka chimenecho anafika ndi kafulashi, kachipangizo konyamulira za m'kompyuta, atamangirira kumwendo.

"Wanditengera chiyani, mlongo?" anafunsa Gologolo.

"Kapitawo watsopano."

Apa ndiyambe ndakumasulirani, mungadzati ndinakusiyani panjira. M'kompyuta iliyonse muli pulogalamu imodzi yaikulu, imene imayamba kudzuka mukayatsa, n'kumagawira zinzake ntchito: iwe lemba, iwe imba, iwe liza belu. Ophunzira amati sisitimu. Nyama zinkangoti kapitawo.

"Kapitawo ndili naye kale," anatero Gologolo.

"Uyu ndi wa mtundu wina. Kumene ndachokerako ena amawaika onse awiri m'kompyuta imodzi."

"Awiri? Osamenyana?"

"Ine ndimangouluka, sindifunsa."

Mchira wa Gologolo unayamba kunjenjemera wokha. Anathamangira kukhola.

"Madala, ndiyese?"

"Mphwanga," anatero Tambala, "atambala awiri salira m'khola limodzi. Mwambi umenewu anaupangira ife, ndipo zipsera zake ndili nazo pamutu pano."

"Nanga wina akamalira, wina ali mtulo?"

"Ukuseweretsa khosi langa."

"Belu lanu lilira monga mwa masiku onse. Ndalumbira."

Tambala anapukusa mutu. Koma Gologolo anali ndi matenda akuti munthu akapukusa mutu, iye ankaona ngati wagwedeza.

Poyamba anakopera zonse za m'kompyutamo pa fulashi ina, pakuti ngakhale wachidwi safuna kulira. Kenako anadula nkhokwe ya m'kati mwa kompyuta pawiri, monga abale adulira malire a munda: uku kwa kapitawo wakale, uku kwa mlendo. Wakale anafinyika, koma anasendera. Mlendo analowa n'kuyala katundu wake. Pakhomo pa onse awiri panakhala kamlonda, kapulogalamu kakang'ono kamene ukayatsa kompyuta kamafunsa kuti ndidzutse uti. Ukachedwa kuyankha, kamangodzutsa amene dzina lake lili pamwamba, ndipo pamwambapo panali dzina la mlendo.

Podikira kuti kompyuta idzuke, Gologolo anapeka kanyimbo. Kanali kofunsa mlonda wa pakhomo kuti lero ayalule mphasa ya yani, ndipo kumapeto kankanyengerera wogonayo kuti asakwiye, mawa ndi lake. Ankakaimba akumenya mchira pansi, n'kusiya mpata woti wina avomere. Tambala sanavomere.

Mlendo uja anamukoma Gologolo. Zonse zinali m'malo achilendo, chitseko cha kumanja chili kumanzere, ndipo tsiku lonse linatha akutsegula ichi, kutseka icho, kuseka yekha. Madzulo anatchera belu m'manja mwa mlendoyo n'kumusiya ali maso. Pakona pa galasi la kompyuta panali kawotchi, koma sanakayang'ane. Ndani amayang'ana wotchi akusangalala?

Belu linalira, Tambala anatambasula khosi n'kulira ndi mphamvu zake zonse. Kunja kuli bii! Nyama zinadzuka, makasu paphewa, kukafika kumunda osaona ndi mzere womwe. Zinakhala pansi zikutukwana, udzudzu ukuzidya, kudikira dzuwa limene silinali ndi changu. Mmodzi yekha ndiye sanatukwane. Fulu, amene moyo wake wonse ankafika pamsika anzake akusesa, tsiku limenelo anagula bowa wosanyala. Gologolo anamuona akubwerera akumwetulira, ndipo anaisunga nkhaniyo m'tsaya monga asungira mtedza.

Vumbwe sanachedwe.

"Odi kuno kwa anduna! Kamodzi."

"Amalota, bwana," anatero Gologolo. "Ukalamba."

"Alote bwino. Ine sukulu sindinapite patali, koma mpaka katatu ndimawerenga."

Atachoka, Gologolo anayang'ana kawotchi kaja n'kupeza kuti mlendo watsogoza nthawi ndi maola awiri. "Ha! Ndi zomwezi basi?" Anaibweza m'malo mwake. Komabe mantha anali atamulowa, ndiye madzulo anamugoneka mlendoyo, anaimba kanyimbo kake kofunsa mlonda, Tambala ali duu osavomera, n'kudzutsa kapitawo wakale.

"Uyu sanatinamizepo, madala. Gonani mtima uli m'malo."

M'mawa mwake dzuwa linatuluka, linakwera, belu lili zii. Tambala anaima pamtanda wake akumva kutentha panthenga, koma kulira popanda belu sanayerekeze. Nyama zinadzuka zokha ndi njala. Ana anali atayamba kale kusewera pamene mawu a nduna anamveka, ndipo mudzi wonse unaseka. Kuseka kumeneko kunamupweteka Tambala kuposa kutukwana kwa dzulo lake.

Vumbwe anafika akuyasamula, maso ali psuu, fungo la mowa lili patsogolo.

"Mwandidzutsa bwino, anduna. Kawiri."

Atatsala awiri, Tambala anagwetsa mapiko. "Chotsa mlendo wako. Ndakupempha. Ndikuopa, mphwanga, ndikuopa zedi. Sindifuna kufera m'kamwa mwa chidakwa chija."

"Ndimuchotsa, madala. Koma ndiyambe ndaona chimene chikuchitika. Wakale sananamepo, lero wanama bwanji?"

"Ndionetsetse adathetsa nkhosa."

Gologolo anamva, koma makutu okha. Anadzutsa uyu, kuyang'ana wotchi. Anamugoneka, kudzutsa uyo, kuyang'ana wotchi. Akakonza ya wakale, ya mlendo yathamanga. Akakonza ya mlendo, ya wakale yatsalira. Kanyimbo kaja anakaimba mpaka kukhosi kunauma. Potsiriza anamasula chivundikiro cha kompyuta n'kusuzumira, ndipo anapeza kabatire konga batani la malaya. Kabatire kameneko kankayendetsa kawotchi kamodzi kokha, kosagona ngakhale kompyuta itazima. Akapitawo awiri, wotchi imodzi! Nanga ankaiwerenga mosiyana bwanji? Analumpha kukafuna Namzeze.

"Mlongo, kumene unamutenga mlendo uja, dzuwa limatuluka nthawi yanji?"

"Mochedwa. Kuno mukamanyamula makasu, kumeneko akadali m'mabulangeti. Timasiyana maola awiri."

"Dzuwa lomweli?"

"Lina ulitenga kuti?"

Gologolo anakhala pansi, kukamwa kuli yasa. Iye ankayesa kuti kukacha ndiye kwacha ponseponse. Tsopano zonse zinamveka. Mlendo akayang'ana kawotchi kaja ankayesa kakunena nthawi ya kwawo, ndiye mwaulemu wake ankawonjezerapo maola awiri kuti afike pa nthawi ya kuno. Wakale ankangowerenga mmene kalili. Panalibe wabodza, aliyense ankachita za kwawo. Nkhaniyi inamukoma Gologolo mpaka anaiwala kuti ili pakhosi pa mnzake.

Anakonza kawotchi kuti kagwirizane ndi wakale, anasiya wakaleyo ali maso, n'kunena kuti, "Mlendo ndimufufuta mawa. Chinthu chodabwitsa chotere sungachifufute usanachifunse mafunso ena awiri." Mawa! Ine mawu amenewa ndimadana nawo.

Usiku umenewo kunagwa mvula ya ziphaliwali. Magetsi anazima, kenako anabwera. Kompyuta inayaka yokha, kamlonda kanafunsa kuti ndidzutse uti, ndipo panalibe woyankha. Kanadikira pang'ono n'kudzutsa wapamwamba. Mlendo anayang'ana kawotchi, anawonjezera maola ake awiri mwaulemu, ndipo nthawi yake itakwana analiza belu, Tambala n'kulira.

Gologolo anamva kulirako ali m'mphako mwake. Anatsegula diso limodzi n'kuona mdima. Anathamanga osagunda pansi.

"Ndani?" anafunsa Tambala.

"Ndine, madala."

"Kukadali mdima eti?"

"Kukadali mdima."

"Basi, ndatha ine."

Gologolo anagoneka mlendo, ndipo podikira mlonda anaimba kanyimbo kaja, mchira osamenyanso pansi. Anadzutsa wakale.

"Belu likaliranso, inunso mulirenso."

"Ndiwonjezere mlandu?"

"Vumbwe sangakudyeni kawiri. Lirani, zotsalazo mundisiyire ine."

Kum'mawa kutangofiira belu linalira, ndipo Tambala analira kachiwiri, pa nthawi yake yeniyeni. Asanatseke mlomo, Vumbwe anali pakhomo ndi chingwe.

Bwalo linadzaza. Vumbwe anaomba m'manja n'kuyamba.

"Zikomo mfumu. Mlandu ndi waufupi. Dzana mumdima, dzulo padzuwa, lero mumdima. Katatu. Ndipo lero wawonjezapo kachinayi, ka chipongwe."

Gologolo anaomba m'manja nayenso. "Mfumu, ndiloleni kafunso kamodzi. Lero atalira koyamba, inu munatani?"

"Ndinadzuka," inatero mfumu Ntchefu. "Ndinasuzumira panja, ndinaona mdima, ndinabwerera m'bulangeti."

"Tulo tachiwirito tinali totani?"

Mfumu inatseka maso ikukumbukira. "Aaa! Tokoma. Kudzuka n'kupeza kuti nthawi ikadalipo! Chibadwire sindinagonepo tulo totero."

"Tulo timeneto, mfumu, ndi mphatso ya nduna yanu. A Tambala akhala akudandaula kuti kulira kumodzi sikukwanira mudzi wa miyendo yosiyana. Waliwiro ndi woyenda pang'onopang'ono angadzuke bwanji nthawi imodzi? Masiku atatuwa timayesa ntchito yatsopano. Wina akaitane a Fulu."

"Ndili pano," anatero mawu kumbuyo.

Bwalo lonse linacheuka. Chiyambire dzikolo, Fulu anali asanafikepo pamlandu usanathe. Lero anali atakhala kale, mpando wabwino atasankha.

"A Fulu, kulira koyamba kuja mwakuona bwanji?"

Fulu anatulutsa khosi, anaganiza, anameza malovu. "Bowa," anatero. "Wosanyala."

Vumbwe anaona ndiwo zikutuluka m'mbale. "Nanga dzulo? Dzulo analira dzuwa lili pamutu! Imeneyonso ndi mphatso?"

"Kumeneko timayesa kulira kwachitatu, kodzutsa a mowa. Tinakusiya titaona kuti kwadzutsa mkulu mmodzi yekha m'mudzi monse muno."

"Ndani?" inafunsa mfumu.

Gologolo sanatchule dzina. Anangoyang'ana Vumbwe mwaulemu waukulu, ndipo bwalo linafa ndi phwete.

Koma Vumbwe sanali chitsiru. Anadikira kuseka kuthe, n'kufunsa mofatsa. "Chabwino. Nanga kompyuta ya mfumu ikutani m'khola? Nduna yokhala ndi maso ake awiri ifuniranji makina?"

Tambala anauma pomwepo. Gologolo anamva thukuta mpaka kunsonga ya mchira, koma lilime lake linali litanyamuka kale.

"Ndi mboni, mfumu. Ntchito ya khosi imafuna mboni, kuti mawa wina wanjala asadzanamizire nduna. Kulira kuwiri, mboni ziwiri. M'kompyutamo ndaikamo akapitawo awiri, wina woyang'anira kulira koyamba, wina kwachiwiri."

"Awiri m'nyumba imodzi?" Mfumu inasendera kutsogolo, chidwi chitaigwira. "Samenyana?"

"Sakumana n'komwe, mfumu. Wina akadzuka, wina ali mtulo. Pakati pa kulira kuwiriko pamafunika munthu wogoneka uyu n'kudzutsa uyo. Ndi ntchito yovuta, ya luso, yosatheka ndi wina aliyense m'dziko lino."

Apa ndiye lilime linapitirira mwini wake. Inu mukuti bwanji sanangotchera mabelu awiri mwa kapitawo mmodzi? N'zimene nayenso anaganiza, mawu atatuluka kale.

"Zakoma," inatero mfumu. "Kuyambira lero nduna yanga izilira kawiri, tambala woyamba wa apaulendo ndi okonda tulo, tambala wachiwiri wa makasu. Vumbwe, masula chingwe. Ndipo poti ntchito yosintha akapitawo ndi yosatheka ndi wina, Gologolo, uziichita iweyo tsiku lililonse. Ukadzajomba, Vumbwe adzayambira kumchira kwako."

Khosi la Tambala linapulumuka, tulo ta Gologolo tinafa. Belu loyamba likalira, iye ankatuluka m'mphako akudzandira, kukagoneka mlendo, kudzutsa wakale, n'kukhala pamenepo mpaka kuche, poopa kuti magetsi angachitenso zawo. Masiku oyamba ankangong'ung'udza. Koma kukhala chete sankatha, ndiye anayamba kumusimbira Tambala za dziko limene dzuwa limachedwa, ndi kumufunsa ngati kulinso dziko limene limafulumira. Tambala naye ankamuuza mmene kum'mawa kumaonekera mwezi ndi mwezi, monga ankakukumbukira. Tsiku lina Gologolo ataimba kanyimbo kake n'kusiya mpata uja, anamva mawu okalamba akuvomera pansipansi, pamene paja ponyengerera wogona kuti mawa ndi lake.

Mvula inatha, Namzeze anapita, chisanu chinafika. M'mawa wina tulo tinamunyenga Gologolo. Anamva kulira koyamba, anati ndipume pang'ono, ndipo chimene chinamudzutsa chinali kulira kwachiwiri. Anadzambatuka atagwira mchira. Kuyang'ana kum'mawa, kwangoyamba kufiira, nthawi yake yeniyeni. Anathamangira kukhola n'kupeza mlendo akadali maso, wakale ali mtulo, belu lachiwiri silinalire n'komwe.

"Madala! Mwadziwa bwanji?"

"Ndikalira koyamba," anatero Tambala, "a Fulu amadutsa kuseri kuno, chigoba chikukhula mwala. Pakapita nthawi a Njiwa amayamba kusesa. Kenako mkonono wachiwiri wa mfumu umakwera, umakwera, ndipo ukadukiza, ndiye kuti kwacha. Kale mudzi unkakhala zii mpaka ndilire, ndinalibe chomvera. Maso anapita, mphwanga, koma makutu alipo."

"Mwakhala mukudziwa chiyambire liti?"

"Mvula isanathe."

Gologolo anapsa mtima, ndipo anali ndi chifukwa. "Mvula isanathe! Ndiye mwandisiya ndikudzuka m'chisanu chonsechi, mano akugundana, pa ntchito yopanda ntchito? Bwanji osandiuza?"

Tambala anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu.

"Pakati pa kulira kuwiriku mdima ndi wautali," anatero. "Ndipo wangawu sutha ngakhale kuche. Ndikadakuuza, ukadabweranso?"

Gologolo anayang'ana maso oyera aja a Tambala, manyazi ndi chisoni zinamugwira pamodzi, ndipo anapita kwawo.

M'mawa mwake belu loyamba lisanalire, Tambala anamva kukanda pakhomo.

"Ndani?"

"Ndine, madala. Senderani uko, kukuzizira."

Mlendo uja sanafufutidwe mpaka lero, ndipo n'chifukwa chake kuli tambala woyamba ndi tambala wachiwiri. Mukadzamva woyamba, tembenukani mugonenso, m'kholamo muli awiri amene ali maso. Yanga yathera pano. Kaoneni mbatata ija paphulusa, ndipo ngati yapserera, si ine ndinati mudikire mawa.